Theka la ola, kanayi pa sabata

Mwana wanga wachiwiri anandipusitsa kwa chaka chathunthu, ndipo sindimuimba mlandu. Madzulo aliwonse ankatenga buku lake la kusukulu, n'kukhala pambali panga, chala pa mzere, n'kumawerenga bwinobwino mpaka tsamba kutha. Ine n'kumati zikuyenda. Tsiku lina ndili pa changu ndinatsegula masamba awiri nthawi imodzi osazindikira. Iye anaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kunena, osadodoma ngakhale pang'ono, nkhani ya pa tsamba limene tinalidumpha. Chala chikuyenda pa mawu ena, pakamwa pakutuluka ena. Nditamuimitsa n'kumulozera mawu amodzi okha a zilembo zinayi, anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine. "Amayi, tabwezani kaye pa chithunzi paja." Anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 8.

Buku lonselo analiloweza pongomva anzake akuwerenga m'kalasi. Mwana wa mutu wotero sungamunene kuti ndi wopepera, koma dzina limene ine ndinkamupatsa silinali labwinopo: ndinkati ndi waulesi. Zizindikiro zinalipo kalekale, ndine ndinkazilambalala. Anachedwa kulankhula poyerekeza ndi mlongo wake wamkulu. Tinyimbo ta mawu omveka mofanana kumapeto sankatigwira. Masiku a pa sabata ankawasakaniza, ndipo mawu aatali ankawapinda m'kamwa mpaka tonse kufa ndi phwete. Ali m'kalasi yoyamba ndinawafunsa aphunzitsi ake, iwo anati, "Mayi, musade nkhawa, anyamata amachedwa. Adzagwira yekha." Ananena ndi mtima wabwino, ndipo ine ndinawalandira mawuwo ndi manja awiri chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva.

Alipo ana amene amagwiradi okha. Koma kwa amene vuto lake ndi lenileni, kudikira kumangokulitsa dzenje. Wofufuza wina wa za kuwerenga, Keith Stanovich, mu 1986 anapatsa zimenezi dzina lochokera mu Uthenga Wabwino wa Mateyu, paja pamati amene ali nazo adzawonjezeredwa, wopanda adzalandidwa ngakhale chochepa chimene ali nacho. Mwana amene wagwira msanga amawerenga zambiri, n'kudziwa mawu ambiri, kuwerengako n'kumamupepukirabe. Wovutikayo amalithawa buku, ndipo polithawa satsalira pa kuwerenga pokha, amatsaliranso pa phunziro lililonse lodalira buku, ngakhale masamu akangokhala a ziganizo. Wanga anali atayamba kale kudwala m'mimba m'mawa uliwonse wa tsiku la lembetso.

Tinayambira ku maso ndi makutu, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti ayambire komweko, chifukwa n'kosavuta, ndipo mwina nkhani yonse ingathere pa magalasi kapena pa madzi otsekeka m'kati mwa khutu. Kwa ife zonse zinali bwino. Munthu wina anatiuza za magalasi a mitundu ndi masewero olimbitsa maso, akuti zilembo zimasiya kuvina. Ndinangotsala pang'ono kugula. Dokotala wa maso yemwe uja ndi amene anandigwira dzanja: anati mabungwe a madokotala a ana ndi a maso a ku America anatulutsira limodzi chikalata mu 2009 chonena kuti palibe umboni woti zinthu zimenezi zimathetsa vutoli. Komatu oyamba kulemba za vutoli nawonso ankalilumikiza ndi kuona. Dzina la vuto la kuwerengali, loti dyslexia, analiyambitsa ndi Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Stuttgart, mu 1887, ndipo mu 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14, wochenjera pa zina zonse, amene kuwerenga kunkamukanika. Iwo ankaliona ngati khungu la pa mawu. Panapita zaka zambiri kuti zidziwike kuti kwa ana ochuluka gwero lake silili m'maso, lili pa mmene ubongo umagwirira timaliwu ta m'chilankhulo.

Zimenezi zinandilowa tsiku limene ndinayesa kamasewero kena, popanda buku, popanda pensulo. Ndinati, "Nena kuti gona." Ananena. "Tsopano chotsa liwu loyambalo, patsala chiyani?" Kamlongo kake ka zaka 6 kanakuwa kali chauko kuti "ona!" Iye anangoti kakasi. Ndinayesa suka: zii. Luka: zii. Kwa iye mawu anali ngati mwala umodzi wosasweka; sankamva kuti m'kati mwake muli tizidutswa. Ndiye umuuza bwanji kuti chilembo ichi chikuimira kachidutswa aka, pamene kachidutswako sakukamva n'komwe? Za kutembenuza b ndi d, zimene ambiri amathamangira kuloza, ana ochuluka ongoyamba kulemba amachita zomwezo, ndipo pazokha sizikuuza kanthu.

Kupeza woti amuunike inali ntchito payokha. Kusukulu anatitumiza kwa katswiri wa kaphunziridwe ka ana. Kumeneko anatilandira bwino n'kutiuza kuti adzatiimbira. Ndinakhala miyezi iwiri foni ili pafupi ngakhale posamba. Nditaimba ndekha ndinapeza kuti fomu yathu inali isanasainidwe ndi sukulu, ndiye dzina la mwana linali lisanalowe n'komwe pa mndandanda. Safunsa anadya phula. Tsiku lomwelo ndinapatula kope: tsiku, amene ndalankhula naye, zimene walonjeza, ndi tsiku loti ndidzaimbenso. Ndinalembetsa malo atatu osiyana, ndipo kulikonse ndinkasiya chiganizo chimodzi chomwechi: "Wina akalephera kubwera, ngakhale mutandiuza m'mawa womwewo, ife tifika." Chiganizo chimenechi ndi chimene chinatidulira njira. Lachitatu lina cha m'ma 8 koloko foni inalira, pofika 10 koloko tinali titakhala kale pa benchi. Inali itakwana miyezi isanu chiyambireni. Ndinanyamula makope ake a zaka ziwiri, malipoti a kusukulu, zotsatira za maso ndi makutu, ndi kakanema ka pa foni komuonetsa akulimbana ndi tsamba limene anali asanalionepo. Kakanemako katswiri anakaonera kawiri.

Kuunikako kunatenga pafupifupi maola atatu, kupumira pakati. Anamuwerengetsa mawu enieni, kenako mawu opeka opanda tanthauzo, monga lomefu ndi tuvemi, amene sungawaloweze kapena kuwalota poyang'ana chithunzi. Apa ndi pamene anagwera. Anamuyesa liwiro lotchulira mitundu ndi manambala ondandalikidwa pa pepala, kubwereza manambala amene wangowamva kumene, ndi lembetso. Anafunsanso zambiri za kukhazikika kwake, poti vuto la kuwerenga kawirikawiri limayendera limodzi ndi lija losatha kukhala ndi chidwi pa chinthu chimodzi, ADHD. Kenako anamuwerengera nkhani mokweza n'kumufunsa mafunso, ndipo mnyamata wanga anayankha ngati munthu wamkulu. Katswiriyo anandijambulira pa pepala zimene Gough ndi Tunmer anafotokoza mu 1986: kuti munthu amvetse zimene akuwerenga pamafunika zinthu ziwiri zochulukitsana, kutha kumasula zilembo kuti zikhale mawu, ndi kumva chilankhulo. Chimodzi chikakhala ziro, yankho ndi ziro. "Chachiwirichi mwana wanu ali nacho chodzaza, mayi. Ntchito yathu ili pa choyambachi."

Anandiuzanso chifukwa chake ana otere amabisika. M'zilankhulo zimene zimalembedwa pafupifupi mmene zimamvekera, monga Chitaliyana, Chisipanishi kapena Chichewa, mwana wa vutoli akakulako salakwitsa kwambiri ngati mnzake wophunzira m'Chingerezi. Amangowerenga mochedwa, phatikizo limodzilimodzi, mpaka pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala kumene chinayambira. Womumvera amangoti ndi waulesi, monga ndinkanenera ine.

Atafunsa ngati m'banja mwathu alipo wina anavutikapo chonchi, poti zimayenda m'magazi, ine ndinayankha msanga kuti ayi. Bambo ake, amene ndakhala nawo zaka 14, anatsokomola pang'ono n'kunena motsitsa kuti iwo anabwereza kalasi kawiri, ndipo mpaka lero akapatsidwa chikalata kuti awerenge pagulu amanamizira kuti aiwala magalasi. Pobwerera tinayenda osalankhulana, koma sunali mkwiyo.

Lipoti linabwera la masamba 11, ndipo ndinalisunga ngati chuma. Koma pepala siliphunzitsa mwana. Chimene ndimanong'oneza nacho bondo mpaka pano ndi miyezi isanu ija: tinakhala manja lende kudikira dzina la vuto, pamene thandizo loyenera mwana wovutika kuwerenga ndi lomwelo, kaya dzina lilipo kaya palibe. Ngakhale buku limene madokotala a ku America amatsata potchula mavuto amenewa, DSM-5 la 2013, limafuna kuti vuto likhale litapitirira miyezi 6 mwana akuthandizidwa. Ndiye kuyamba thandizo uli pa mzere sikusokoneza kuunika, kumakupeputsa.

Mphunzitsi wapadera woyamba amene tinamupeza anali mtsikana waulemu, wokonda ana. Ankabwera katatu pa sabata n'kumamuthandiza ntchito ya kunyumba. Mwana akakakamira pa mawu ankamuuza kuti, "Tayang'ana chithunzi, ukuganiza kuti akunena chiyani?" Ndiye kuti ndinkalipira munthu kuti azithirira chizolowezi chomwe chija chimene chinatibisira vuto. Makope anayamba kuoneka bwino, kuwerenga kuli pomwepo.

Achiwiri anali mayi otchuka, masatifiketi ali mbwee pakhoma, odziwa njira ya Orton-Gillingham. Njirayi ndi yakale: Samuel Orton anali dokotala wa za ubongo ku America amene anayamba kufufuza ana otere m'zaka za m'ma 1920, ndipo Anna Gillingham anasanja maganizowo kukhala maphunziro otsatana m'ma 1930. Mfundo zake n'zomveka. Phunzitsa liwu lililonse mwachindunji, uyambe ndi chophweka, mwana aone, amve, atchule, alembe, ndipo usapitirire asanagwire. Mayi amenewa ntchito ankaidziwa, sindingawanyoze. Koma mpata umene anali nawo unali umodzi wokha: Loweruka, maola awiri, ulendo wa ola ndi theka kuchokera kwathu. Ndinaulandira mothokoza, ndikudziona wamwayi.

Tinayenda maulendo 14. Mphindi 40 zoyamba zinkathera pokumbutsana za sabata yatha, zimene zinali zitauluka. Mphindi 30 zotsatira ndi zimene ankaphunzira chatsopano. Kuchokera apo mwana ankangoyasamula, kugwetsa pensulo, kupempha kupita kuchimbudzi. Pa pepala maola awiri, m'mutu theka la ola. Kenako masiku 6 opanda kanthu, chifukwa ine ndinkaopa kukhudzako, kuti ndingasokoneze njira ya akatswiri.

Anali mayi omwewo amene anandiuza zoona, ndipo ndimawapatsa ulemu pa chimenechi, chifukwa potero ankadzichotsera okha ndalama. "Mayi, apa ine ndikutunga madzi ndi dengu. Mwanayu akufunika pang'ono koma pafupipafupi. Pezani munthu wapafupi, ngakhale asakhale ndi mapepala ngati angawa." Anandifotokozera za kafukufuku wa Joseph Torgesen ndi anzake wa mu 2001: ana 60 ovutika kwambiri anaphunzitsidwa mmodzimmodzi kawiri pa tsiku, mphindi 50 ulendo uliwonse, kwa masabata 8, maola 67 ndi theka onse pamodzi. Kuwerenga kwawo molondola kunakwera kwambiri ndipo kunali kusanatsike patapita zaka ziwiri, ngakhale liwiro linatsalirabe. Usiku womwewo ndinawerengetsa: ndi theka la ola lathu la Loweruka lija, maola amenewo tikanawakwanitsa patapita zaka zoposa ziwiri ndi theka. Anandichenjezanso kuti ndisathamangire dzina la njira. Mu 2014 Katharina Galuschka ndi anzake ku Germany anasonkhanitsa kafukufuku wodalirika wa njira zosiyanasiyana zothandizira ana otere, ndipo imene inaonetsa umboni wolimba inali yophunzitsa mwadongosolo mgwirizano wa zilembo ndi maliwu. Chofunika n'kuona ngati chimenechi chikuchitikadi m'phunziro, kaya pa chikuto palembedwa dzina lanji.

Achitatu ndinawapeza pofunsa makolo anzanga amene tinadziwana pa mabenchi odikirira. Anali bambo achikulire, opuma pa ntchito yophunzitsa ana a zosowa zapadera, okhala mphindi 10 kuchokera kwathu. Pofika apa ndinali nditaphunzira kufunsa. Za satifiketi ndinafunsa pomaliza. Ndinayamba ndi kuti ayambira pati, ndipo poyambirapo apadziwa bwanji. Mwana akalakwitsa amatani. Zowerenga amazisankha bwanji. Pakatha miyezi itatu ndidzaonera chiyani kuti zikuyenda. Ndiponso ngati ndingakhale nawo pa phunziro limodzi. Wokana funso lomalizali mthaweni. Wolonjeza kuti mwana achira pa masabata 6 mthaweninso, vutoli si chimfine.

Iwo sanalonjeze kanthu. Anatulutsa pepala lokalamba la ndondomeko yawo, kuyambira zilembo za liwu, maphatikizo a zilembo ziwiri, kenako ovutirapo monga mba, nda, ng'a, mpaka kukafika ku ntcha ndi mphwa. Phunziro lawo linkayenda mofanana tsiku lililonse, moti mwana ankadziwiratu chobwera ndipo mantha ankachepa. Makadi a maliwu akale, mwachangu. Kuphatikiza ndi kuphwanya mawu pakamwa, akusuntha timiyala pa tebulo, kamwala kamodzi liwu limodzi. Chatsopano chimodzi chokha. Lembetso lalifupi. Pomaliza kankhani kolembedwa ndi zilembo zokhazo zimene waphunzira kale, kopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Akalakwitsa sankamuuza yankho, sankamukalipiranso, ankangoloza ndi pensulo n'kuti, "Bwerera apa, mwanawe. Liwu loyamba ndi chiyani?"

Tinagwirizana kanayi pa sabata, theka la ola. Ndinkaganiza kuti nkhondo yatha, osadziwa kuti yatsala ya wotchi. Tinayamba ndi 4 koloko madzulo, akangoweruka, poti ndi nthawi imene inkatikomera ife akuluakulu. Zinakanika. Mwana wovutika kuwerenga amagwira ntchito yowirikiza tsiku lonse kuti angoyandikira anzake, kuphatikizapo ntchito yobisa kuti asaonekere. Pofika madzulo amakhala atatheratu. Sabata yachitatu anakalowa pansi pa tebulo n'kukana kutuluka. Ine ndinafuna kumukoka mwendo. Aphunzitsiwo anatseka buku mwakachetechete n'kuti, "Musiyeni, mayi. Sanalakwe mwana, yalakwa ndi nthawi."

Tinasamutsira m'mawa, 6:30 mpaka 7 koloko, asanapite kusukulu: Lolemba, Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu. Kunena n'kosavuta. Zinatanthauza kuti nyumba yonse izigona msanga, zovala ndi chikwama zizikonzedwa usiku, ndipo bambo ake azimuperekeza ine ndikukonzekeretsa enawa. Lachitatu tinalisiya dala, kuti mwana azipumira pakati, komanso kuti likhale lobwezera phunziro limene laphonyeka. Kusintha kwake kunaoneka sabata yoyamba yomwe: zimene waphunzira Lolemba, Lachiwiri zinali zikadalimo, ndipo kukumbutsana kumene kunkadya mphindi 40 kunkatha pa mphindi zitatu. Sikuti mwana aliyense ndi wa m'mawa. Wa mnzanga wina amachita bwino 5 koloko madzulo, atathamanga kaye panja ola lathunthu. Yesani nthawi imodzi masabata awiri, muziyang'ana nkhope ya mwana pa mphindi 10 zomaliza, osati kukongola kwa ndandanda pa pepala.

Sukulu nayo italandira lipoti inamuika m'kagulu ka ana anayi, kawiri pa sabata. Ndinasangalala mpaka nditaona nthawi yake: ankamutulutsa pa nthawi ya masewera ndi ya zojambula, maphunziro awiri okhawo amene mwana wanga ankayenda mutu uli m'mwamba. Kwa iye chinali chilango. Ndinapempha kuonana ndi aphunzitsi aakulu, ndipo ndinalowa ndi kope langa. Mkwiyo ndinali nawo, koma ndinausiya pa geti. Ndinapempha kuti nthawiyo isinthidwe, kuti asamamudzidzimutse kuwerenga mokweza pamaso pa anzake, ndiponso kuti aphunzitsi a kagulu azilumikizana ndi a m'mawa, mwana asamakokedwe uku ndi uku. Chomalizachi n'chimene chinavuta, poti aliyense ali ndi ndondomeko yake ndipo palibe amafuna kuuzidwa zochita ndi mnzake amene sanamuonepo. Tinathana nacho ndi kakope koyenda m'chikwama, aliyense alembemo mizere iwiri: lero taphunzira ichi, wakakamira apa. Nthawi inasinthidwa teremu yotsatira. Zonse zimene tinagwirizana ndinapempha kuti zilembedwe, chifukwa aphunzitsi amasamuka, ndipo lonjezo la pakamwa limasamuka ndi mwini wake.

Za ndalama sindibisa, zinatipinda. Chimene chinatipepuza n'chakuti pa masiku awiri mwa anayiwo mwana wanga amaphunzira limodzi ndi mtsikana wina, makolo n'kugawana malipiro. Zimatheka ngati anawo ali pa malo amodzi m'ndondomeko, osati kungofanana zaka. Anawo anafika pokondana, ndipo kwa nthawi yoyamba wanga anaona ndi maso kuti sali yekha.

Pakhoma tinapachika kalendala, phunziro likachitika tichonge. Teremu yoyamba ndikanalumbira kuti sitinajombe kwenikweni. Nditawerenga, pa maphunziro 48 tinachita 33. Chimfine, mvula, ulendo wa kuntchito, tsiku lina tinangogonereza. Lililonse palokha linali ndi chifukwa chomveka, koma onse pamodzi anadya pafupifupi mwezi wathunthu. Teremu yachiwiri tinafika 44, chifukwa Lachitatu lobwezera lija tinayamba kulilemekeza, komanso aphunzitsi anavomera kuti tsiku lovuta aziphunzitsa pa foni ya kanema, makadi ndi timiyala zili m'manja mwa bambo ake.

Pakatha masabata awiri alionse ankamupatsa ndime imene sanaionepo, wotchi pambali, mphindi imodzi, n'kuwerenga mawu amene watchula molondola. Anayamba ndi 9. Mwana yekha ndi amene ankaika kadontho pa pepala la mizere. Kanakwera: 12, 16, 21. Kenako 21, 20, 22. Ine mtima unagwa, mpaka ndinayamba kufunsira mwakabisira za mphunzitsi wachinayi. Aphunzitsi athu sanatekeseke. Anatenga mapepala onse n'kuyang'ana zolakwa zokhazokha, ndipo anapeza kuti pafupifupi zonse zinali pa maphatikizo a zilembo zitatu kapena zinayi. Anabwerera m'mbuyo masabata atatu, n'kuwonjezapo kubwereza ndime imodzi katatu kuti lilime lizolowere. Kadontho kanayambanso kukwera. Pakanapanda manambalawo ndikanamuzula mwana pa nthawi imene ankafunika kukhazikika. Manambala omwewonso akanandiuza kuti ndichoke, akanakhala osasuntha miyezi itatu aphunzitsi osasintha kalikonse.

Gawo langa kunyumba ndi mphindi 10 zokha, kumumvera akuwerenga kankhani kamene wakaphunzira m'mawa, ndipo wotchi ikalira timasiya ngakhale pakati pa chiganizo. Zinanditengera nthawi kuvomera kuti ine sindine mphunzitsi wake wabwino. Mtima wanga ndi wapachala; ndikamva akukakamira pa mawu amene wawawerenga bwinobwino pa mzere wapamwamba, kapumidwe kanga kokha kamasintha, ndipo iye amakamva. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, kodi mutu wanga ndi wowonongeka?" Ndinamuuza zimene ndinauzidwa: kuti ubongo wake umagwira nkhani msanga koma timaliwu umatigwira movutikira, kuti vutoli lili ndi dzina, ndiponso kuti bambo ake ali nalo. Anadzuka n'kupita kukawafunsa. Zimene anakambirana sanandiuze, onse awiri. Usiku ndimamuwerengera ine mabuku a msinkhu wake, aatali, amene sangawathe yekha, osamufunsa mafunso, kuti mawu atsopano ndi kukoma kwa nkhani zisamudutse pamene akulimbana ndi maphatikizo. Alongo ake anayamba kuchita nsanje ndi nthawi yonseyi, ndiye masiku ano amadzazana onse pa bedi limodzi.

Tchuthi chachitali choyamba tinapumiratu, poti mwana naye ndi munthu. Pobwerera kadontho kanali katatsika kuchoka pa 38 kufika pa 29, ndipo zinatenga mwezi kuti tibwerere pamene tinali. Tsopano pa tchuthi timapuma sabata imodzi yathunthu, kenako kawiri pa sabata mpaka sukulu itatsegulira.

Papita miyezi 20 chiyambireni za m'mawazi. Ali ndi zaka 10. Amawerengabe mochedwa kuposa anzake, lembetso lake likadali ndi zipsera, ndipo pa mayeso amapatsidwa nthawi yowonjezera. Aphunzitsi athu atiuza kuti chaka chamawa azikwanitsa kawiri kokha pa sabata, thupi likuwakana, ndiye kope langa la mafoni lija ndalitulutsanso. Sabata yatha ndinakhala pansi kulemba ndandanda ya teremu ikubwerayi, kufufuta ndi kulembanso mpaka maso kulemera, n'kuipachika pakhoma usiku. M'mawa ndinamupeza ataima patsogolo pake, chikwama kumsana, chala pa pepala, milomo ikuyenda. Palibe anamutuma. Anatenga nthawi, ine ndili chilili pakhomo, kuopa ngakhale kutsokomola.

"Amayi," anatero osatembenuka, "apa mwalemba Lachinayi kawiri. Nanga Lachisanu lili kuti?"